Chilengezo: Loweruka tikumvera London Calling ya The Clash

Mamembala a gulu lomvera zimbale,

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, ku holo yathu ya nthawi zonse, tidzamvera London Calling, chimbale cha 1979 cha The Clash, gulu loimba la ku England. Nyimbo zilipo 19 pa mbale ziwiri, mphindi pafupifupi 65. Kumbali yachinayi, nyimbo ya Revolution Rock ikatha singano ya galamafoni tisadzaichotse msanga, chifukwa patsogolo pali Train in Vain, yomwe pachikuto choyambirira sanailembe.

Kenako tidzakambirana chomwe chinachititsa magazini ya Rolling Stone kuchisankha kukhala chimbale chopambana cha m'zaka za m'ma 1980, poti ku America chinatuluka mu Januwale 1980. Tcherani khutu momwe The Clash anasakanizira mitundu ya nyimbo ya punk, reggae ndi ska.

Aliyense abweretse K3,000 ya holo. Amene ali ndi burashi yofewa abwere nayo, fumbi limalumphitsa singano.

Yankhani pofika Lachinayi ngati mubwera.