Amayi, Musadikire Kuti Chiyambe Kupweteka

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Bambo ndi adzukulu anu onse. Ine kuno ku Leeds ndilipo, kungoti kuzizira kwafikapo, pomakwana 4 koloko madzulo kunja kumakhala kwada kale. Ntchito yosamalira nkhalamba ikuyenda, miyendo yokha ndiyo ikudandaula.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mng'ono wanga, make mapasa. Pa foni paja munangonena modutsa kuti ali ndi kachotupa m'bere lamanzere, koma poti sikakupweteka, Azakhali akuti ndi mkaka wotsalira, ati mawere a mayi wa mapasa amatero. Usiku umenewo tulo sindinatione. Anawo anasiya kuyamwa chaka chatha, ndiye ndi mkaka wanji wokhala m'bere mpaka lero?

Ndinafunsa namwino amene amabwera kuntchito kwathu ngati kubereka mapasa kumaputa khansa ya m'mawere. Anati madokotala akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri. Ena anapeza kuti chiopsezo chimatsikako pang'ono, ena sanapeze kusiyana kwenikweni ndi mayi wobereka mmodzimmodzi. Choncho mapasawo tisawanamizire, komanso tisawayese mankhwala. Kuyamwitsa kokha ndiye kumathandizadi. Kafukufuku wa mu 2002, wa amayi a m'mayiko 30, anaonetsa kuti chaka chilichonse choyamwitsa chimatsitsa chiopsezo ndi magawo 4 pa 100 alionse. Koma anandiuzanso china chimene sindinkachidziwa: zaka zingapo mayi akangobereka, chiopsezocho chimayamba chakwera pang'ono, chimadzatsika pambuyo pake. Mng'ono wanga ali m'zaka zimenezo.

Ndipo kusapwetekako kusakupusitseni. Khansa imeneyi nthawi zambiri imayamba mwakachetechete choncho. Zotupa zambiri za m'mawere sizikhala khansa ayi, koma zala zathu sizingasiyanitse. Mumufunse, inuyo sangakubisireni: kodi nsonga ya bere yalowa m'kati? Ikutuluka magazi kapena timadzi? Khungu lachita timaenje ngati khoko la lalanje? M'khwapa muli mwanabere?

Kuno mayi akakwana zaka 50, boma limamulembera kalata kuti akajambulitse mawere zaka 3 zilizonse. Kwathuko palibe amene adzamuitane, n'kudzuka yekha.

Ndatumiza ndalama pa Mukuru. Si za feteleza, Amayi, za feteleza zibwera kumapeto kwa mwezi. Lolemba apite kuchipatala cha boma, akavule awaonetse adokotala, manyazi awasiye kunyumba. Akamutumiza ku Queens kapena ku Central ku Lilongwe, apite ndithu, ya basi ndionjezera. Mphini ndi zomata za kwa asing'anga ayi, chonde. Alamu musawasiye kumbali, muwauze bwinobwino, koma akayamba za "tidikire tikolole", mundiimbire ndilankhule nawo ndekha.

Mapasawo muwasunge inuyo tsiku limenelo. Ndawagulira majuzi ofanana, ofiira, adzabwera ndi mnzanga amene akubwera kumudzi pa Khrisimasi.

Moni kwa Agogo. Ndiimba Lolemba madzulo ndikaweruka.

Ndine mwana wanu woyamba.