Bambo anamwalira ndi khansa, koma kuchimuna akuloza chala mayi

Zikomo Agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 26, woyamba kubadwa m'banja la ana anayi, ndipo timakhala chakufupi ndi pa Chitakale kuno ku Mulanje. Bambo anga anatisiya mu Juni chaka chatha atadwala khansa ya kummero. Anthu amangoti limba mtima, ndiwe wamkulu, azing'ono ako ayang'ana iwe. Ndayesetsa Agogo, koma zandikulira.

Bambo kwawo ndi ku Thekerani ku Thyolo, kuno anabwera chikamwini. Anagwira ntchito kuesiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka kufika pa ukapitawo. Matenda anayamba ngati zocheza. Amati akameza mbamu ya nsima imaima pachifuwa, ndiye amaitsitsira ndi madzi. Pachipatala china chaching'ono anangowapatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, miyezi n'kumapita. Nsima itakanika tinayamba phala, phalanso litakanika mayi ankalisungunula n'kulisefa ndi sefa ya tiyi. Pomwe amatitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre n'kuti lamba wa buluku lawo ataboolaboola ndi msomali kuti agwire m'chiuno.

Gadiyani ndinali ineyo. Madokotala analowetsa kukhosi kapaipi kokhala ndi kamera, ndipo chotupa chimene chinatseka njira ya chakudya ndinachiona ndi maso angawa. Anandiuza kuti chafalikira kale, opaleshoni singathandize. Anawaika kachubu kotsegulako njirayo, moti kwa kanthawi ankamwako thobwa n'kumaseka nafe. Kenako anatibweza kunyumba ndi botolo la mofini, woti tiziwamwetsa pakatha maola anayi alionse kuti ululu uzichepa.

Chimene chimandidya mumtima ndi njala imene anafa nayo. Chimanga chinalipo m'nyumba, nandolo analipo, koma mwini wake amene analima ngakhale malovu amachita kulavulira m'chitini. Tsiku lina anamva fungo la kalongonda kwa aneba n'kundipempha kuti ndikawapemphereko pang'ono. Ndinamunyenya ndi supuni, iwo n'kuika pa lilime, kutsinzina, kenako kulavula. Anati, "Basi mwana wanga, ndadya." Kuchokera tsiku limenelo tinkadyera m'khitchini titatseka chitseko, kutafuna mosamveka ngati akuba. Mpaka lero ndikatema nsima pakhosi pamandithina, ndimangosamba m'manja n'kudzuka. Ndaonda, ndipo usiku ndimadzidzimukabe pa nthawi zomwe ndinkawamwetsa mankhwala zija.

Pamwamba pa zonsezi pabwera nkhani ina. Maliro tinakaika kwawo ku Thekerani. Polira, azakhali aakulu ankafuula kuti, "Achimwene anga ine, akudyetsani chiyani kuchikamwiniko?" Ine ndinkayesa ndi chisoni chabe. Pambuyo pake tinamva kuti anapita kwa sing'anga, ndipo akuti anawauza kuti mayi anathira mankhwala m'ndiwo kuti atsale ndi ndalama za penshoni. Ndalama zake ziti Agogo? Zonse zinathera m'maminibasi a ku Limbe ndi kugula mkaka, mpaka tinagulitsa njinga ndi mbuzi. Azakhali omwewo kuchipatala anangofikako tsiku lina ndi phava la nthochi, zomwe wodwalayo sakanatha n'komwe kumeza, dzuwa lisanapendeke n'kubwerera.

Umboni wawo akuti ndi woti bambo sankamwa kachasu, sankasuta fodya, anali mkulu wa mpingo, ndiye khansa ikanachokera kuti. Ndinawafotokozera zomwe adokotala anandiuza, kuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imagwiranso anthu osamwa ndi osasuta. Muwodi muja munali azibambo ena angapo, aliyense ndi chitini chake pambali pa bedi. Kodi onsewo anawadyetsa ndi akazi awo? Anandiyankha kuti mwana wa mfiti sangaleke kuikira kumbuyo amake.

Mpaka pano mayi sanasudzulidwe. Kumsika wa pa Chitakale komwe ankagulitsa chinangwa ndi mapeyala analeka kupitako, poti nkhaniyi inafika kale kuno ndipo ena amawanong'ona akamadutsa. Ine ndi mayi sitinakhalepo pansi n'kulira limodzi, aliyense amabisira mnzake misozi. Kumpingo nako ndikalira amandiuza kuti kulira kopitirira n'kuchepa chikhulupiriro.

Tsopano ankhoswe abwera ndi uthenga woti mu Seputembala kuli kumanga chiliza. Akuti anafe tipite ndi simenti ndi ndalama za chakudya, koma mayi asakapondeko. Amalume anga akalipa. Akuti lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, choncho tikadandaule ku Victim Support kupolisi, ndipo kuchilizako tisapereke ngakhale tambala. Mwina akunena zoona, koma mtima wanga ukukana. Bambo ankawakonda alongo awowo, ana awo awiri anawalipirira sukulu ndi iwo. Ndipo ngakhale andiwawitse mtima chotani, azakhaliwo akamalankhula ndimamva mawu a bambo. Kuwatengera kupolisi ndikuona ngati ndidzadula ubale wonse wa kuchimuna, azing'ono anga n'kukula osadziwa pomwe bambo awo anagona.

Ndithandizeni Agogo. Kodi ndipite kuchilizako ndisiye mayi akulira okha pakhomo, kapena ndikane, manda a bambo amangidwe ine palibe? Kodi ndi bwino kuyamba ndatula nkhaniyi kwa amfumu a mbali zonse ziwiri, ndi mapepala a kuchipatala m'manja, poti ndinawasunga onse? Nanga za kusadya ndi kusagonaku, kuchipatala alipo amene amathandiza munthu amene sakudwala m'thupi koma chisoni chamukanirira? Chonde yankhani msanga, ankhoswe akufuna yankho langa mwezi uno usanathe.

Ine wosweka mtima,
Chitakale, Mulanje