Dandaulo pa ntchito yomwe munagwira pa Land Cruiser yanga

Bwana Manijala,

Ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa cha ntchito yomwe garaja yanu inagwira pa galimoto yanga, Toyota Land Cruiser 80 ya 1994, ya injini ya dizilo ya 1HZ. Ndinaibweretsa kwanuko masabata atatu apitawo, ndipo ndinamufotokozera bwinobwino mnyamata wolandira magalimoto kuti m'tauni imayenda popanda vuto, koma ikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola n'kuponda kadzenje kapena chigamba cha phula, kutsogolo konse kumayamba kugwedezeka, chiwongolero n'kumalimbana ndi manja anga, osasiya mpaka nditatsika kufika cha m'ma 40. Iye pa khadi anangolembapo liwu limodzi: "ikunjenjemera".

Galimoto inagona kwanu masiku awiri. Pa lisiti munalemba kuti mwabalansa matayala, mwapanga alaimenti (kuwongola maimidwe a matayala), mwaikanso steering damper yatsopano, chitsulo chofewetsa kugwedezeka kwa chiwongolero. Ndinalipira zonse osanyinyirika. Nditafunsa ngati munakaiyesa pamsewu, anandiyankha kuti inde. Ndadzamva posachedwa kwa mmodzi wa anyamata anu omwe kuti anangozungulira nayo m'timisewu ta pafupi ndi garaja, momwe munthu sungapitirire 50. Nanga vuto loyambira pa 80 akanaliona bwanji?

Loweruka la sabata yomweyo tinanyamuka wa ku Dedza kukaona mayi anga, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri. Titangodutsa pa Nathenje, tayala lakumanzere linaponda dzenje losazama n'komwe, ndipo zija zinayambiranso, ulendo uno moposa kale. Kutsogolo kunkabwera lole, m'mbali mwa msewu munali bambo akukankha njinga ya matumba atatu a makala. Ndinachotsa phazi pa moto, osayerekeza kuponda buleki mwamphamvu, ndikungoyang'ana matumba aja akuyandikira. Tinamuphonya pang'onong'ono. Titaima, mwana wamng'ono anali akulira, mayi ake atamukumbatira, osayankhula kanthu. Ku Dedza sitinafike.

Lolemba lake ndinaitana makaniko wina wa ku Kawale, wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Sanamasule ngakhale bawuti imodzi. Anandiuza kuti ndikhale pampando, matayala ali pansi, ndizigwedeza chiwongolero uku ndi uku, iye atagona kunsi ndi tochi. Kenako tinasinthana kuti ndione ndekha. Galimoto imeneyi kutsogolo ili ndi ekiselo imodzi yathunthu yokhala pa masipuling'i opiringizika, ndipo chomwe chimaigwira kuti isamasunthire kumanja kapena kumanzere ndi chitsulo chopingasa chotchedwa panhard rod. Mabushi a chitsulo chimenecho, timalabala ta kumapeto kwake pomwe chimamangidwira, anatha. Labala yake ndi yong'ambika, ndipo chiwongolero chikagwedezedwa, thupi la galimoto limayamba kusuntha matayala asanatembenuke. Tie rod end yakumanja, mfundo ya kumapeto kwa chitsulo chokhotetsa matayala, nayonso ikusewera.

Atatero anaikweza pa jeke, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Linkagogoda. Anandiuza kuti ndiponde buleki, kugogodako osatha. Anati akanakhala mabering'i a tayala, buleki ikanathetsa kuseweraku. Poti sikunathe, ndiye kuti ndi mabering'i a kingpin, omwe tayala limatembenukirapo pokhota. Pampira wachitsulo wa kumapeto kwa ekiselo panali girizi wakuda wosakanikirana ndi fumbi, woti aliyense wowerama akanamuona. Zonsezi sizinakwane theka la ola.

Bwana, sindikukuimbani mlandu woti zitsulo zinatha. Galimoto ya zaka zoposa 30, yoyenda m'misewu yathu ino, iyenera kutha mabushi. Kubalansa matayala nakonso si kolakwa, ngakhale kunjenjemera kwa tayala losabalansa kumabwera pang'onopang'ono pa liwiro lake, sikudikira dzenje ngati momwe ndinafotokozera. Chandipweteka n'choti simunafufuze. Steering damper ntchito yake ndi kufewetsa kugwedezeka basi, sichiza chomwe chikuyambitsa. Kuli ngati kumupatsa Panado munthu wa malungo n'kumuuza kuti wachira. Alaimenti yopangidwa zitsulo zikusewera nayo ndi ndalama yotaya, chifukwa tikasintha tie rod end tiyenera kuipanganso. Munandipatsa makiyi ndi mawu oti galimoto ili bwino, ine n'kukweza banja langa pokhulupirira mawu amenewo.

Pempho langa ndi ili. Mundibwezere ndalama ya alaimenti ndi ya damper, kapena muichotsere pa mtengo wokonza zomwe zapezekazi, ngati mungavomere kuti ntchitoyo igwiridwe ine ndilipo. Zitsulo zakale zonse mudzandipatse m'manja, kuphatikizapo damper yanga yomwe munachotsa, chifukwa sindinaionenso ndipo sindikudziwa ngati inalidi yakufa. Ikatha ntchito, makaniko wanu wamkulu adzakwere nane tikaiyese pa msewu wa Mchinji kapena pa M1, pa liwiro lomwe vutoli limayambira.

Galimoto ili chiimire pakhomo, ndipo kuntchito ndikuyendera minibasi. Ndidikira yankho lanu lolemba kwa masiku 7. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi lisiti, khadi ija ndi zithunzi za mabushiwo, zomwe ndaphatikizanso pa kalata ino.

Ine kasitomala wanu,
Mwini Land Cruiser yoyera, Area 25, Lilongwe