Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Sikani ya Impso ndi Chikhodzodzo Ifike Kufupi ndi Odwala

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Mzuzu pa nkhani imene ambirife timachita manyazi kuikamba pagulu, mavuto a pokodza. Pempho langa ndi limodzi. Munthu amene akukodza magazi, amene mkodzo ukumuvuta kutuluka, kapena amene wabwera kachiwiri ndi kachitatu ndi dandaulo lomwelo, aziunikidwa impso ndi chikhodzodzo pa sikani kuchipatala cha m'boma lake, asanapatsidwenso mapiritsi omwe aja.

Makina ndikunenawa si achilendo. Ndi omwewo amene amayi oyembekezera amajambulidwa nawo kusikelo. Wojambula amapaka mafuta oterera pamimba ndi m'nthiti, n'kumayendetsapo kachipangizo kotumiza phokoso limene khutu la munthu silingamve. Phokosolo likagunda ziwalo za m'kati limabwerera, makina n'kupanga chithunzi pompopompo. Palibe kubaya, palibe kung'amba, ndipo mulibe cheza chonga cha ekiseleyi, n'chifukwa chake ngakhale khanda likhoza kujambulidwa. Kachipangizo kamene kamaona mwana m'mimba ndi komweko kamene kamaona impso ya munthu wamkulu. Ndiye n'chifukwa chiyani m'maganizo mwathu sikani yasanduka ya azimayi apakati okha?

Zimene imaonetsa n'zambiri. Impso ya munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12, ndipo ikafota chifukwa cha matenda a nthawi yaitali, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, wojambula amaona. Ikatupa chifukwa mkodzo watsekeredwa kumunsi n'kumabwerera m'mwamba, amaonanso. Miyala ya mu impso, khoma la chikhodzodzo lokhuthala, chotupa chimene chamera m'kati mwake, zonsezi zimaoneka. Wodwala amafunika kumwa madzi ndi kusunga mkodzo kuti chikhodzodzo chidzaze, kenako amakataya madzi n'kubweranso kuti aone umene watsalira.

Kuno kumpoto chifukwa chachikulu chofunira sikani imeneyi ndi likodzo. Kuyambira ku Chintheche, Nkhata Bay, Usisya, Chilumba mpaka ku Karonga, kuphatikizapo Likoma ndi Chizumulu, moyo wa anthu uli m'madzi: kusamba, kuchapa, kukoka khoka. Alimi a mpunga ku Limphasa, Hara, Wovwe ndi Lufilya amakhalitsa m'matope tsiku lonse. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi, timaboola khungu, timakulira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi kuikira mazira m'khoma lake. Mazirawo ndi amene amachititsa magazi aja otuluka kumapeto kwa mkodzo. Zaka zikamapita khomalo limauma ndi zipsera, timipita totsitsa mkodzo kuchokera ku impso timapanikizika, impso n'kuyamba kutupa mwakachetechete. Bungwe la World Health Organization limawerengera likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Ndikuyamikira ntchito yogawa mankhwala a likodzo a praziquantel m'masukulu. Mwa ana, zilonda zoyambirira za m'chikhodzodzo zimatha kubwerera mwakale akamwa mankhwalawa. Koma msodzi wa zaka 45 amene wakhala akukodza magazi kuyambira ali mnyamata, amene kwawo ankangoti n'zimene zimachitikira mwana aliyense wa kunyanja, mapiritsi amapha tizilombo koma sachotsa zipsera zakale. Ameneyo ndi wofunika kumuona m'kati. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya m'mphepete mwa nyanja mokha: ambiri ogulitsa usipa mumsika wa Mzuzu, ndi anansi athu ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa, anakulira komweko.

Gulu lina ndi la abambo achikulire. Pulositeti, kachiwalo ka abambo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo, ikakula imafinya njira ya mkodzo. Bamboyo amadzuka kangapo usiku, mkodzo umatuluka mofooka, amamva ngati sanamalize. Ambiri samauza ngakhale mayi a kunyumba. Amayamba ndi zitsamba, kenako Bactrim wogula pagolosale, mpaka tsiku limene mkodzo watsekeratu n'kunyamulidwa usiku kukaikidwa kapaipi. Chikhodzodzo chimene sichitsanula wonse chili ngati chitsime chosatungidwa, madzi ake amaonongeka, ndiye matenda sakhalira kubwerera. Kuyeza mkodzo wotsalira pa sikani kumatenga mphindi zochepa, koma kumauza dokotala ngati impso zayamba kale kuvutika.

Amayinso ali momwemo. Dziko lathu lili pakati pa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri, ndipo ikafalikira imatha kutseka timipita ta mkodzo tija.

Sindikunena kuti aliyense womva kutentha pokodza ajambulidwe. Mtsikana amene wadwala koyamba n'kuchira ndi mankhwala safunika sikani. Komanso makinawa saona tizilombo toyambitsa matenda kapena mazira a likodzo. Zimenezo ndi za kulabotale, poyeza mkodzo. Mwala wokakamira pakati pa mpita ukhoza kubisala, ndipo chotupa chikaoneka pamafunikabe kudulako kanyama kuti atsimikize ngati ndi khansa. Sikani imathandiza kusankha: uyu athandizidwe pompano, uyu apite msanga ku Mzuzu Central.

Kusankhako ndiye kofunika. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, ku Luwinga, chinatsegulidwa mu 2000, ndipo chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba. Wochokera ku Nthalire kapena ku Wenya amagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya iye ndi womudikirira. Ngati ulendo wonsewo n'ngongodzayeza mkodzo wotsalira, ndiye kuti tamulanga. Ngatinso wasungidwa kumudzi akumwa maantibayotiki pamene impso zikutupa, adzafika kuno mochedwa, pofunika makina otsuka magazi (dialysis), amene kwa zaka zambiri anthu a kumpoto akhala akuwalondola ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Inu mukudziwa bwino kuposa ine ndalama zimene boma limaononga pa wodwala mmodzi wa dialysis.

Choncho ndikupempha kuti unduna wanu ulembe ndondomeko yachidule, yoti ikhomedwe pakhoma m'chipinda chilichonse choonera odwala, yonena amene ayenera kutumizidwa ku sikani: wokodza magazi, bambo wovutika kukodza, mwana wamng'ono wodwala matenda a mkodzo mobwerezabwereza, womva kupweteka m'nthiti pamodzi ndi kutentha thupi amene sakuchira ndi mankhwala. Pamene pali kale makina a amayi oyembekezera, papatulidwe masiku kapena maola oti odwala ena ajambulidwe, popanda kusokoneza sikelo.

Makina paokha sathandiza popanda wodziwa kuwerenga chithunzi. Ojambula ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences sangakwanire paliponse, koma ma clinical officer amene ali kale m'zipatala akhoza kuphunzitsidwa kuona zinthu zochepa zofunikazi, akatswiri a ku Mzuzu n'kumawayendera ndi kuunikanso zithunzi zokayikitsa. Pogula makina atsopano, muganizire ang'onoang'ono onyamula m'manja, oyendera batire, amene angakwere boti kupita ku Usisya ndi kugwira ntchito magetsi atathima. M'bajeti musaiwale mafuta opaka aja ndi ndalama zokonzera makina akaonongeka. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, bungwe loyang'anira zipatala za mipingo, monga St John's ndi Ekwendeni, zilowetsedwe m'mgwirizano woti wodwala wotumizidwa ndi chipatala cha boma asalipire sikaniyo.

Pomaliza, uthenga upite pa wayilesi monga Tigabane ndi Voice of Livingstonia, m'Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa, kudzeranso kwa alangizi a zaumoyo m'midzi, wakuti magazi mumkodzo si chizindikiro cha kukula, ndipo wopita ku sikani amwe madzi asanalowe ndi kutenga buku lake la kuchipatala. Ndikupempha kuti ntchitoyi iyambire ku Nkhata Bay ndi Karonga, kumene likodzo lili pakhomo.

Ine wanu,
Nzika yokhala ku Chibavi, Mzuzu