Kalata ya abusa: holo ya m'dera lathu ndi yathunso

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu nonse pamodzi ndi a m'nyumba zanu.

Nkhani imene ndikukulemberaniyi tinaikambirana ndi akulu a mpingo, ndipo tinaona kuti kuinena pa zolengeza zokha sikungakwanire. Ndi nkhani ya holo ya m'dera lathu, ija ambirife timangoidutsa, n'kudzaikumbukira tikasowa malo ochitira phwando la ukwati. Mkati mwa sabata, zitseko za tchalitchi chathu zikakhala zokhoma, kuholoko kumakhala piringupiringu. M'mawa kumakhala tiana tosayamba sukulu, masana akuluakulu amaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo azaumoyo ali ndi masiku awo okweza ana sikelo ndi kuyeza anthu BP ndi shuga. Kuli mabuku obwereka, makompyuta okhala ndi intaneti, maphunziro a ntchito zamanja, alangizi, ndi bwalo la masewero. Zambiri mwa izi n'zaulere. Koma ndikapitako, nkhope za a mumpingo mwathu ndimaziona mwa apo ndi apo.

Ena mwandiuza poyera kuti: "Abusa, kumeneko n'kwa zadziko, kumasonkhana anthu amitundumitundu." N'zoona, kumasonkhana anthu amitundumitundu, a mipingo ina, a zipembedzo zina, ndi ena osapemphera n'komwe. Koma tsegulani Machitidwe a Atumwi 19:9-10. Paulo atakanidwa m'sunagoge ku Efeso, anatenga ophunzira n'kumakakambirana nawo tsiku ndi tsiku m'sukulu ya Turano, ndipo anachita zimenezi zaka ziwiri. Malo amenewo sanali kachisi, anali chipinda chophunziriramo cha mumzinda, ndipo mtumwiyo sanaone kuti adetsedwa nacho. Kumbukiraninso kalata ya Yeremiya kwa akapolo a ku Babulo, pa mutu 29, vesi 7. Anawauza kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, pakuti mtendere wawo unali mu mtendere wa mzindawo. Ngati mawuwa ananenedwa za Babulo, mzinda wa adani, nanga kuli bwanji dera limene ana athu akukuliramo?

Mwina simudziwa kuti malo oterewa, m'mayiko ambiri, mizu yake ili mwa anthu opemphera. Mu 1884, mbusa wina wa mpingo wa Anglican, Samuel Barnett, pamodzi ndi mkazi wake Henrietta, anatsegula Toynbee Hall ku Whitechapel, dera la anthu osauka kwambiri mumzinda wa London. Anaitana achinyamata ophunzira a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge kuti adzakhale komweko, pakati pa osaukawo, aziphunzitsa makalasi amadzulo ndi kudziwana ndi anthuwo ngati anansi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Barnett, ngakhale anali mbusa, sanaisandutse nyumbayo tchalitchi chachiwiri. Munthu ankalowa osafunsidwa kuti amapemphera kuti. Jane Addams atakaona nyumbayi anabwerera kwawo ku America, ndipo mu 1889 iye ndi mnzake Ellen Gates Starr anatsegula Hull House ku Chicago. Kumeneko amayi opita ku ntchito ankasiyako ana, obwera kuchokera kumayiko ena ankaphunzirako Chingerezi, ndipo osowa posambira ankasambirako. Addams anadzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1931. Tsono mukamati holo n'njadziko, dziwani kuti okhulupirira anzanu anakhetsera thukuta malo ngati amenewa kalekale.

Komabe ndikuganiza kuti chimene chimatitsekereza ambiri si chiphunzitso ayi. Ndi manyazi. Bambo wa imvi amene aliyense amamuweramira kutchalitchi akakhale pa benchi, pensulo m'manja, akuvutika kulemba dzina lake, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake akumugwira dzanja? Amaona ngati ulemu wake wonse uthera pomwepo. Ndiye amapitiriza kunena kuti magalasi anaiwala kunyumba, n'kumapereka kalata yakuchipatala kapena uthenga wapafoni kwa mwana kuti amuwerengere, zinsinsi zake zonse zili pambalambanda. Bambo, ndikulankhula ndi inu mwachikondi: miyezi ingapo ya manyazi pa benchi ija siingafanane ndi tsiku limene mudzatsegule Baibulo lanu n'kudziwerengera nokha Salimo limene mwakhala mukuliloweza pamtima zaka zonsezi. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Manyazi omwewa ndi amene amatisunga m'nyumba ndi ngongole zotimana tulo, ndi mwamuna womenya, ndi mwana amene mowa wamugwira pakhosi. Mukabwera kwa ine ndimakulandirani, timapemphera, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu amamva. Koma ine sindine namwino, sindine loya, ndipo makompyuta ndimangowadziwa pang'ono. BP yokwera kawirikawiri siipweteka paliponse, munthu amangoyenda nayo mpaka tsiku limene agwe ndi sitiroko. Pemphero langa silingakuuzeni manambala ake, koma kachipangizo kaja kokulunga pamkono kamakuuzani m'kanthawi kochepa. Mayi amene achibale a malemu mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba akufunika munthu wodziwa malamulo. Wachinyamata amene wamaliza sukulu akufunika womuonetsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito ndi kutumiza kwake pa intaneti. Ndikakuuzani kuti pitani kuholo, sikuti ndikukukankhirani kutali. Mukabwerako mudzandiuze mmene mwayendera, tidzayamike limodzi.

Ngakhale mpingo woyamba unazindikira kuti atumwi sangagwire zonse. Pa Machitidwe 6, amasiye olankhula Chigiriki atayamba kuiwalidwa pa kagawidwe ka tsiku ndi tsiku, anasankha amuna asanu ndi awiri, Stefano ali m'gulumo, kuti ntchitoyo ikhale ndi eni ake.

Tsopano kwa inu amene Mulungu anakupatsani luso. Mumpingo muno muli aphunzitsi opuma pa ntchito, anamwino, amisiri, atelala, odziwa kuwerengera ndalama. Malo ngati amenewa amayenda chifukwa cha anthu ongodzipereka, ndipo nthawi zonse amakhala operewera. Pitani mukathandize, ngakhale masana amodzi pa sabata. Koma mverani chenjezo langa, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Musakapite ndi mbedza m'thumba. Wobwera kudzaphunzira kusoka aphunzitsidwe kusoka, bwinobwino, mpaka adziwe, kaya adzabwera kutchalitchi kwathu kaya sadzabwera. Musakasandutse kalasi ya masamu chitsitsimutso, ndipo musakakondere a mumpingo mwathu pa mzere wolandira thandizo. Wina akakufunsani za chiyembekezo chimene muli nacho, muyankheni mofatsa ndi mwaulemu monga Petro anatilangizira. Akapanda kufunsa, gwirani ntchito yanu. Ndipo zimene mwamva kumeneko zikathere komweko. Mlongo akakuonani kuholo pa tsiku la alangizi a zam'banja, asadzamve nkhani yake ikutchulidwa ngati mutu wa pemphero pa msonkhano wa amayi. Miseche yovala zovala za pemphero yathamangitsa anthu ambiri m'mipingo.

Sindikunena kuti zonse zochitika kuholo n'zabwino. Pali madansi ena amene sindingalimbikitse mwana wanga kupitako, ndipo inu makolo muli ndi udindo wodziwa kuti mwana wanu ali ndi ndani, akuchita chiyani, aweruka nthawi yanji. Pitani mukadzionere nokha, mukawadziwe amene akuyang'anira anawo. Komiti yoyendetsa malowa ikaitanitsa msonkhano wa anthu a m'dera, tisasiyire ena. Ndi pamisonkhano yotere pamene amafotokoza mmene ndalama zayendera, ndi pomwenso mungapemphe kuti pakhomo pakonzedwe polowera njinga za olumala, kapena kuti makalasi ena azichitika madzulo kuti apantchito nawonso apeze mwayi.

Tagwirizana ndi akulu a mpingo kuti ndandanda wa zochitika kuholo tiziupachika pa bolodi la zolengeza mwezi uliwonse. Atsogoleri a m'magawo, chonde poyendera okalamba ndi odwala muziwauza masiku amene azaumoyo amabwera, ndipo pezani wowaperekeza. Amene mukufuna kudzipereka, lembetsani kwa mlembi wa mpingo Lamulungu likubwerali mapemphero akatha, mutchule luso lanu ndi tsiku limene mungapezeke. Ndipo ngati alipo amene akufuna kuyamba kalasi ya kuwerenga koma miyendo ikulemera, andipeze pandekha. Tsiku loyamba tidzapitira limodzi.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mtumiki mnzanu mwa Khristu,
Mbusa wanu