Lipoti la msonkhano wa ku London: mmene amayesera mankhwala a matenda oiwalaiwala

A Wapampando, amayi ndi abambo,

Zikomo pondituma ndi kundilipirira sitima. Munandisenzetsa funso lija limene abale a okalamba amene timawasamalira kuno ku Britain amatifunsa: "Tamva pa wailesi kuti mankhwala apezeka, nanga amayi anga alandira liti?" Yankho ndabwera nalo, ngakhale silikoma.

Nthawi yambiri ndinakhala m'gawo lofotokoza mmene amayesera mankhwala asanafike m'thupi la munthu. Amayambira pa maselo a ubongo m'timbale ta mu labotale. Kenako mbewa, koma si zathu zija zokumba m'munda ayi. Izi asayansi anazisintha majini, tizinthu ta m'maselo timene timachokera kwa makolo, kuti mu ubongo mwake muziunjikana puloteni yotchedwa amyloid, imene pamodzi ndi inzake ya tau imapezeka mu ubongo wa odwala Alzheimer, womwe ndi mtundu wina wa matenda oiwalaiwala.

Anationetsa vidiyo ya mbewa ikusambira m'beseni lalikulu la madzi otuwa ngati mkaka, kufunafuna popondera pamene anabisa pansi pa madziwo. Yabwinobwino imakumbukira, imangolunjika. Yodwala imangoyendayenda, osapapeza. Njirayi anaiyambitsa Richard Morris ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ine poonerera ndinakumbukira agogo ena amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse, amene amaima pakhomo la chipinda chawo chomwe n'kumandifunsa kuti muno mumagona ndani. Misozi inalengeza m'maso.

Mbewa yodwala ikapatsidwa mankhwala n'kuyamba kukumbukira, ntchito ikadalipo. Ubongo uli ndi mpanda wake umene umakaniza zinthu zambiri za m'magazi kulowa, choncho ayenera kuona ngati mankhwalawo akufikadi. Ayeneranso kuona ngati sakuononga chiwindi, impso kapena mtima, ndipo izi amayesa pa mitundu iwiri ya nyama, monga makoswe ndi agalu kapena anyani.

Apa mumvetsere. Mu 1999 katemera wa AN1792 anachepetsa amyloid mu ubongo wa mbewa, anthu n'kusangalala. Mu 2002 anasiya kumuyesa pa anthu chifukwa pafupifupi 6 mwa 100 alionse anatupa ubongo. Ndipo pa mankhwala 244 amene anayesedwa pa anthu kuyambira 2002 mpaka 2012, amodzi okha ndiwo anavomerezedwa. Mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu basi, pamene matendawa amamudya munthu mwakachetechete zaka zambiri asanayambe kuonekera.

Sindikunyoza ntchitoyi, ndaona ndekha kuti ndi ya thukuta. Lecanemab, amodzi mwa mankhwala atsopano a matendawa, anadutsa njira yomweyi. Sachiza, koma pa miyezi 18 anachepetsa liwiro la matenda ndi 27 peresenti kwa amene angoyamba kumene kudwala. A MHRA, bungwe lovomereza mankhwala kuno ku Britain, anamuvomereza mu Ogasiti 2024, koma a NICE, amene amaunika mankhwala oyenera kuperekedwa m'zipatala za boma za NHS, anati mtengo wake ukuposa phindu lake, ndiye pa NHS saperekedwa.

Pempho langa ndi ili. Wachibale akabwera ndi nkhani ya pa foni, tiyeni tiyambe tamufunsa kuti, kodi ayesa pa mbewa kapena pa anthu? Komanso tilembe kapepala m'Chichewa kofotokoza matendawa, titumize kumudzi kudzera m'mipingo ndi pa WhatsApp, chifukwa kwathu agogo osochera usiku amatchedwabe mfiti, ndipo ena aphedwa nazo. Ndikufuna anthu awiri oti tithandizane kulemba.

Malisiti a ulendo ndapereka kwa a msungichuma.