Kwa mwana wanga, za mafuta aja

Mwana wanga make Tadala,

Kuno ku Bangula tilipo, kungoti dzuwa likuswa mtengo. Mlongo wako wandionetsa zithunzi zako pa WhatsApp. Nkhope yayera mbee, koma mfundo za zala zakana, zidakali zomwe ndinabereka ine. Usandiuze kuti ndi mphepo ya ku Joni, amenewo ndi mafuta oyeretsa khungu.

Sindikukukalipira. Manyazi amenewa sunabadwe nawo, ndipo dziko ukukhalalo likuwadziwa bwino. Ndi kwawo kwa Sarah Baartman, amene anamutengera ku London mu 1810, azungu n'kumalipira ndalama kuti aone mbina yake, ena mpaka kumutosa ndi ndodo. Atamwalira ku Paris mu 1815 sanamuike m'manda. Mafupa ake anakhala pachionetsero mpaka m'ma 1970, ndipo anabwerera kwawo kudzaikidwa mu 2002. Nthawi ya tsankho, komweko ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu. Ikagwa, ndiye kuti wayandikira uzungu. Ikakanirira, ndiwe wapansi. Munthu wochitidwa zotere mibadwomibadwo amayamba kudzida yekha, osafunanso womukwapula.

Chondiwawa n'chakuti ntchitoyo tinailandira ndife. Khanda lisanatuluke m'chikuta, azakhali ayamba kale: "Koma ndiye woyera bwino!" Nanga wakudayo wabadwa molakwa? Ndikukumbuka utabwera kuholide uli Fomu 1, ukulira kuti anzako akumtunda akuti a kuchigwa ndinu makala. Unali mwana. Lero ndiwe mayi.

M'mafutawo muli mankhwala otchedwa hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala amphamvu oyenera kulembedwa ndi dokotala. Mercury imawononga impso. Khungu limapyapyala, mitsempha kuonekera, bala losapola msanga, kenako m'masaya mumabwera zigamba zakuda bii zosachoka. South Africa yomweyo inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, ogulitsawo amangozembetsa. Ndiye khungu lotere udzayenda nalo bwanji padzuwa la Nsanje? Tenga botololo upite nalo kuchipatala akakuuze kasiyidwe kake, poti ena ukasiya mwadzidzidzi nkhope imatuluka ziphuphu.

Ngati ali bambo a Tadala akukankha zimenezi, undiuze, ankhoswe alipo. Anakufunsira uli wakuda.

Tadala ali ndi zaka zisanu, ndipo amaona zonse ukamadzola. Tsiku lina adzakufunsa chifukwa chake iye sukumudzoza. Pa Khirisimasi ubwere naye, ndipo tsitsi lake usalithire mankhwala, ndidzamuluka ndekha.

Ndine mayi ako.